Laputopu ya mainchesi 13, 14, 15.6 kapena 17: iti yoti muzikhala nayo pakhomo komanso kuyenda nayo?

Anthu ambiri akamagula laputopu amathera nthawi yonse pa purosesa (ubongo wa kompyuta), RAM (malo ogwirira ntchito a mapulogalamu otseguka) ndi SSD (mosungira mafaelo), ndipo akafika pa sikirini amangoti yaikuluyo ndiye yabwino. Wogulitsa naye sawatsutsa, poti ya mainchesi 15.6 ndi imene yadzaza m'mashelefu ndipo kawirikawiri ndi yotsikirapo mtengo. Komatu pa makina ambiri RAM mutha kudzawonjezera chaka chamawa, SSD mutha kusintha, batire nalo limagulidwa lina. Kukula kwa sikirini ndi kulemera kwa laputopu ndiye mukhala nazo mpaka tsiku limene mudzaigulitse. N'chifukwa chake ine ndimafuna ziwirizi zizibwera poyamba, makamaka kwa munthu amene ndalama yake ingokwanira laputopu imodzi, yoti azigwirira ntchito kunyumba komanso azinyamula popita kusukulu, kuofesi kapena kumidzi kukagwira ntchito.

Ndinene msanga mbali imene ndili. Kwa munthu wotereyu, ya mainchesi 14 yolemera pakati pa makilogalamu 1.3 ndi 1.6 ndiyo imakwanira bwino, ndipo ndalama ikatsala ipite ku monita, sikirini yapadera yoika pa tebulo kunyumba. Alipo ena amene malangizowa sangawathandize, ndipo tiwafika.

Nambala ya mainchesi ija si m'lifupi mwa sikirini ayi. Amayeza modutsa pakati, kuchokera pa kona ya pansi kukafika pa kona ya pamwamba mbali inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho ya 14 ndi masentimita 35.6 ndipo ya 15.6 ndi masentimita 39.6. Poti muyesowu ndi wa kona ndi kona, masikirini awiri a nambala zosiyana atha kukhala pafupifupi ofanana msinkhu, kutengera mmene anawaumbira. Kwa zaka zambiri malaputopu ankabwera ndi sikirini ya 16:9 (magawo 16 m'lifupi pa magawo 9 msinkhu), yotambalala m'mbali koma yaifupi, yokomera mafilimu. Masiku ano opanga ambiri abwerera ku 16:10, yotalikirapo kupita m'mwamba. Taonani kusiyana kwake. Ya 15.6 ya 16:9 ndi masentimita 34.5 m'lifupi ndi 19.4 msinkhu. Ya 14 ya 16:10 ndi 30.2 m'lifupi ndi 18.8 msinkhu. Pa msinkhu zangosiyana ndi mamilimita 6 basi. Tsono munthu wolemba lipoti mu Word, wowerenga manotsi a PDF kapena wotsika ndi mizere ya Excel, chimene amasowa ndi msinkhu, kuti aziona mizere yambiri nthawi imodzi. M'mbali mwa tsamba mumangokhala malo opanda kanthu. Ndiye kunyamula laputopu yaikulu ya 16:9 chifukwa cha ntchito yolemba n'kulipira ndi msana pa malo amene simuwagwiritsa ntchito kwenikweni.

Chinanso chimene nambala ya mainchesi siinena ndi kuchuluka kwa mapikiselo, timadontho timene timapanga chithunzi. Apa ndi pamene ogula ambiri amapwetekera. Malaputopu otchipa a 15.6 ambiri ali ndi sikirini ya 1366 x 768, yomwe ili ndi timadontho topitirira pang'ono 1 miliyoni. Ya 1920 x 1080 ili ndi topitirira 2 miliyoni. Zotsatira zake n'zakuti laputopu ya 14 ya 1920 x 1080 itha kuonetsa zinthu zambiri, ndiponso zilembo zosalala bwino, kuposa chilaputopu cha 15.6 cha 1366 x 768. Pa chachikulucho mawindo awiri moyandikana sakwana bwino, ndipo mabatani ena a mapulogalamu amakabisala pansi pa sikirini. Sindingalangize munthu aliyense kugula 1366 x 768 lero, ngakhale wogulitsa atachotserako ndalama, pokhapokha ngati thumba lakanitsitsa.

Pali kachenjezo kamodzi. Timadontho tikachuluka pa sikirini yaing'ono, zilembo zimachepa, ndipo Windows imazikulitsa yokha. Pa ya 14 ya 1920 x 1080 nthawi zambiri imaika 150%, pa ya 15.6 imaika 125%. Ikakulitsa chonchi, ena mwa malo owonjezera aja amatayika. Wachinyamata wa maso akuthwa atha kutsitsa kufika pa 125% n'kumagwira ntchito bwinobwino. Koma bambo kapena mayi amene ayamba kale kutalikitsa nyuzipepala powerenga, sikirini yaikulu imawachitiradi ubwino, ndipo pamenepa sindingalimbane nawo.

Tiyambe ndi zing'onozing'ono za mainchesi 13. Kukoma kwake n'kosabisika. MacBook Air ya mainchesi 13.6 imalemera makilogalamu 1.24, ndipo kukula kwake ndi masentimita 30.4 ndi 21.5, kungoposa pang'ono pepala la A4 lomwe ndi 29.7 ndi 21. Imalowa m'chikwama chilichonse cholowa faelo, ngakhale chikwama cha m'manja cha amayi, ndipo wakuba poyang'ana sangadziwe kuti muli kompyuta. Dell XPS 13 nayo ili cha pomwepo, pafupifupi makilogalamu 1.2. Kwa mtolankhani, kapena munthu amene sabata iliyonse ali pa msewu ndipo ntchito yake ndi maimelo, malipoti ndi misonkhano ya pa Zoom, palibe inanso yoposa izi.

Mtengo wa kupepukako si ndalama zokha. Kuti laputopu ipyapyale chonchi, opanga amachotsa mabowo. MacBook Air ilibe HDMI, bowo lolumikizira monita kapena pulojekita, ndipo ilibe USB ya mtundu wakale uja. Kwathu kuno mafaelo akuyendabe pa fulashi, kosindikiza mapepala amafuna fulashi, ndipo mukafika mu holo ya maphunziro mupeza pulojekita yofuna HDMI, mwinanso VGA yakale ija. Ndiye kuti muziyenda ndi adaputa, ndipo tsiku limene mwaiiwala ntchito yaima. Chachiwiri, pa makina opyapyalawa RAM imakhala yomatiriridwa ku bolodi. Mukagula ya 8 GB mukhala ndi 8 GB mpaka kalekale. Pa MacBook ngakhale SSD siisinthika. Ikawonongeka, si mmisiri aliyense wa mu Limbe kapena ku Area 2 amene angaitsegule n'kupeza zipangizo zake msanga. Ndipo kukhala pa sikirini ya 13 tsiku lonse kunyumba, ndi Excel ya mizati yambiri, kumatopetsa maso ndi khosi lomwe.

Za mainchesi 14 ndizikhalitsapo, chifukwa ndi m'gulu limeneli mmene muli makina amene makampani akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America amagulira antchito awo, ndipo akawasiya patapita zaka zingapo ndi amene amafika m'mashopu athu ngati ogwiritsidwapo kale ntchito. Lenovo ThinkPad T480, Dell Latitude 7490 ndi HP EliteBook 840 G5, onse a cha m'ma 2018, amalemera pakati pa makilogalamu 1.4 ndi 1.6. Onse ali ndi HDMI, USB yakale ndi yatsopano yomwe, komanso bowo la waya wa intaneti wa muofesi. RAM yake imazuka ndipo mutha kuwonjezera. Anapangidwira munthu woyenda, choncho mahinji ake ndi olimba ndipo thupi lake silipindika chikwama chikapanikizidwa mu minibasi. Kiyibodi yake ndi yokwanira zala za munthu wamkulu, zomwe olemba kwambiri amaziyamikira akangoyesa. T480 ili ndi kenanso kosangalatsa: mabatire awiri, lina la m'kati ndi lina la kunja lomwe mutha kuzula n'kuikapo lina laputopu ili chiyakire. Kumalo kumene magetsi amavuta, kameneka si kanthu kakang'ono.

Pogula zakalezi samalani zinthu ziwiri. Choyamba, ma T480 ndi ma Latitude ena anatuluka ndi sikirini ya 1366 x 768 ija, ndiye dzina lokha lisakukhutiritseni. Chachiwiri, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo lake, purosesa ikakhala ya Intel, imafuna ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Nambala ya purosesa ikayamba ndi 8, monga i5-8250U kapena i5-8350U, muli bwino. Ikayamba ndi 7 kapena 6, ganizani kawiri. Amene ali ndi ndalama yokwanira yatsopano, afunefune ya 14 ya 16:10, ya 1920 x 1200. Ndipo amene akufuna sikirini ya 14 pa kulemera kwa ya 13, ThinkPad X1 Carbon imalemera pafupifupi makilogalamu 1.1, kungoti nayo RAM yake ndi yomatirira.

Tsopano ya 15.6 ndi mng'ono wake watsopano, ya 16. Sindikuinyoza. Nthawi zambiri ili ndi chinthu chimodzi chimene zing'onozing'ono zilibe: mabatani a manambala kumanja kwa kiyibodi. Akauntanti, kalaliki wa SACCO, mphunzitsi wolowetsa malikisi a ana mazanamazana, wolowetsa zotsatira za kafukufuku, onsewa dzanja lawo lamanja limakhala pamenepo tsiku lonse ndipo kuwachotsera n'kuwachedwetsa. Mabatani a manambala a USB ogula padera alipo ndipo ndi otchipa, koma ndi katundu winanso wonyamula. Dziwaninso kuti mabatani amenewa amakankhira kiyibodi yonse kumanzere, moti wolemba nkhani zazitali amakhala atapendekeka pang'ono ndi sikirini. Ya 16 ya 16:10 ndi masentimita 34.5 m'lifupi, chimodzimodzi ya 15.6, koma msinkhu wake ndi 21.5, kuposa inzakeyo ndi masentimita 2. Pakati pa ziwirizi, ngati mtengo uli woyandikana, tengani ya 16.

Kulemera kwa gululi kumayambira pa makilogalamu 1.7 kufika pa 2.2, ndipo m'lifupi mwake ndi cha m'ma masentimita 36, kotero chikwama chiyenera kukhala chachikulu ndithu. Pali zopepuka, monga MacBook Air ya 15.3 yomwe ndi makilogalamu 1.51, koma mtengo wake ndi wina. Chimene chimandidetsa nkhawa pa zotchipa za gululi ndi chikhulupiriro chakuti laputopu yaikulu ndiye kuti batire lakenso ndi lalikulu. Si choncho. HP 250 G8 ya 15.6 ili ndi batire la 41 Wh (Wh ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), pamene EliteBook 840 G5 ya 14 ili ndi la 50 Wh, ndipo MacBook Air ya 13.6 ya purosesa ya M2 ili ndi la 52.6 Wh. Sikirini ndi imodzi mwa mbali zimene zimadya moto wambiri pa laputopu, ndiye sikirini yaikulu pa batire laling'ono, magetsi akathima simupita nayo patali. Thupi la pulasitiki la zotchipazi nalonso silipirira kunyamulidwa tsiku ndi tsiku. Mahinji ndi amene amayamba kugonja.

Za 17 sindichulutsa mawu. Wojambula mapulani a nyumba pa AutoCAD, wokonza makanema a maukwati ndi a nyimbo, ndi wosewera magemu akuluakulu, amenewa ali ndi chifukwa. Makina amphamvu a gululi amalemera makilogalamu 2.5 mpaka 3, tchaja yake ndi ya mawati 200 kupita m'mwamba, ndipo batire lake silikhalitsa ntchito ikakula. Ndi kompyuta ya pa tebulo imene itha kusamuka mwa apo ndi apo. LG Gram 17 ndi yosiyana, imalemera makilogalamu 1.35 okha, koma kupepuka sikuchepetsa m'lifupi mwake, ndipo pa mpando wa basi kapena wa ndege simuitsegula momasuka.

Kulemera kumene amalemba pa katoni ndi kwa laputopu yokha. Inu mudzanyamula laputopu ndi tchaja yake, mawusi, mwina hadi disiki ya kunja, kope ndi botolo la madzi. Tchaja ya mawati 65 ya USB-C imalemera magalamu 200 kapena 300, ndipo itha kutchajanso foni, kotero ya foniyo mutha kuisiya kunyumba. Tchaja ya laputopu ya magemu imapitirira theka la kilogalamu, ina kuyandikira kilogalamu yathunthu. Choncho kusiyana kwa ya makilogalamu 1.4 ndi ya 2.3, kumene pa pepala kukuoneka kochepa, m'chikwama kumafika pa kilogalamu ndi theka. Ngati mukukayika, yesani musanagule: ikani mapaketi a shuga a kilogalamu imodzi m'chikwama chanu, awiri tsiku loyamba, atatu kapena anayi tsiku lotsatira, ndipo muyende ulendo wanu wa masiku onse kuchokera pakhomo kukafika pa siteji. Mapewa adzakuuzani zoona kuposa wogulitsa.

Mtundu wa maulendo anu nawo ndi wofunika kuuganizira, chifukwa kuyenda kuli mitundumitundu. Woyenda pa galimoto yake, wochoka pakhomo kukaima pa khomo la ofesi, makilogalamu 2 sawamva n'komwe, ndipo atha kutenga ya 16 mosadandaula. Wophunzira wa ku UNIMA, MUBAS, Mzuni kapena LUANAR amene akukhala kunja kwa sukulu, woyenda wapansi kapena pa kabaza m'mawa ndi madzulo, amamva galamu iliyonse. Pa basi ya Blantyre ndi Lilongwe, ulendo wa makilomita opitirira 300, laputopu siipita pansi pa basi ndi katundu wina. Imakhala pamiyendo panu maola onsewo. Nanji ulendo wa ku Joni wodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kumene pa chipata chilichonse mumatsika ndi chikwama kumsana n'kuima pa mzere.

Pa ndege nkhani ndi sikelo. Makampani ambiri, kuphatikizapo Ethiopian Airlines, amalola makilogalamu 7 a katundu wa m'manja kwa okwera wamba. Laputopu ya magemu ndi tchaja yake zitha kudya theka la amenewo musanaikemo chovala ngakhale chimodzi. Palinso malire a batire: lofika 100 Wh limaloledwa popanda chilolezo chapadera, ndipo n'chifukwa chake ngakhale malaputopu akuluakulu ngati MacBook Pro ya 16, yolemera makilogalamu opitirira pang'ono 2.1, batire lake limalekezera pomwepo. Ndipo kathebulo ka mu ndege n'kakang'ono. Wa kutsogolo akangogoneka mpando wake, ya 15.6 siitsegukanso bwino, pamene ya 13 kapena ya 14 imagwirabe ntchito.

Tibwere kunyumba. Chifukwa chachikulu chimene anthu amagulira laputopu yaikulu n'chakuti akufuna kuona bwino akakhala pa tebulo. Koma monita ya mainchesi 24 ndi masentimita 53 m'lifupi ndi 30 msinkhu, malo opitirira kawiri a sikirini ya 15.6. Ngakhale laputopu ya 17 siiyandikira. Monita yogwiritsidwapo kale ntchito ya 22 kapena 24, waya wa HDMI, kiyibodi ndi mawusi za USB, zonsezi pamodzi zimasandutsa laputopu ya 14 kukhala kompyuta ya muofesi, ndipo kiyibodi ya padera ija imabwera ndi mabatani a manambala amene akauntanti amafuna. Khosi nalo limapuma. Vuto la laputopu iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, n'lakuti sikirini ndi kiyibodi n'zolumikizana: kiyibodi ikakhala pabwino pa manja, sikirini ili pansi ndipo mumawerama. M'mphepete mwa pamwamba mwa sikirini muyenera kukhala molingana ndi maso. Ngati monita palibe, kwezani laputopu pa mabuku angapo ndipo mugwiritse kiyibodi ya padera. TV ya pa balaza itha kuthandiza poonera mafilimu, koma ma TV ambiri a mainchesi 32 ndi a 1366 x 768, ndipo zilembo zimaoneka zosalongosoka mukakhala pafupi.

Njira ya monitayi ili ndi pofooka pake, ndipo kwathu kuno n'poonekeratu. Magetsi akathima, monita yathimanso, ndipo mwabwerera ku sikirini ya laputopu. Monita ya 24 imadya mawati cha m'ma 20, omwe sola yapakatikati yokhala ndi inveta imakwanitsa, koma si nyumba iliyonse ili nayo. Ndiye ngati kwanu magetsi amazimazima maola ambiri, ndipo laputopu imatuluka pakhomo kamodzikamodzi, ndalama ya monita ija ndi bwino ipite ku laputopu ya 15.6 kapena 16 ya sikirini yabwino ndi batire lalikulu, la 50 Wh kupita m'mwamba. N'chimodzimodzinso ngati laputopu ndi ya banja lonse, ana akuphunzirirapo masana ndipo madzulo anthu anayi aunjikana kuonera mpira kapena filimu. Pamenepo funsani ngati sikirini ndi ya IPS, mtundu umene umaoneka bwino ngakhale muli chakumbali. Ya TN, imene ili pa zotchipa zambiri, imaoneka bwino kwa amene wakhala pakatikati yekha, ndipo wa m'mbali amaona mitundu yozilala kapena yakuda.

Kuwala kwa sikirini kumayezedwa mu ma nits. Zotchipa zambiri zili pa 220 kapena 250, zokwanira m'nyumba koma zovuta pakhonde kapena pansi pa mtengo masana. Wogwira ntchito kumidzi, wochititsa misonkhano panja, afunefune 300 kupita m'mwamba, ndipo asankhe sikirini yosanyezimira, chifukwa yonyezimira ija dzuwa likawala mumangodziona nkhope.

Popita kushopu tengani chikwama chimene muzinyamulira, ndipo muyese kulowetsa laputopuyo pamodzi ndi tchaja yake. Pemphani kuti aiyatse. Pitani ku Settings, kenako System, kenako Display, muone nokha manambala a mapikiselo. Pendeketsani sikirini kutsogolo ndi kumbuyo, muyang'anenso muli chakumbali: mitundu ikasintha kwambiri, ndi ya TN. Tsegulani ndi kutseka kangapo mukumvetsera mahinji. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, tsegulani pulogalamu ya Windows yotchedwa Command Prompt n'kulemba powercfg /batteryreport. Lipoti limene lituluke lionetsa mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo lero. Ikakhala kuti yatsala theka, mtengo wa batire latsopano uchotsedwe pa mtengo wa laputopuyo musanapereke ndalama.